Ulendo wathu wa ku Lützen, kumene mfumu ya Sweden inafera

Tinanyamuka ku Leipzig, mzinda wa ku Germany, Loweruka m'mamawa, anthu 14 a gulu lathu lokonda mbiri yakale. Lützen si patali, makilomita pafupifupi 20 basi. Njira yonse kunali nkhungu, ndipo bambo wina wachikulire wa m'gulu lathu anatikumbutsa kuti pa 16 Novembala 1632, tsiku la nkhondo ya ku Lützen pakati pa Sweden ndi asilikali a mfumu yaikulu ya Chikatolika ya banja la Habsburg, kunachanso chonchi, moti asilikali anadikira mpaka dzuwa litakwera kuti ayambe kumenyana.

Poyamba anatitengera pa mwala wotchedwa Schwedenstein, pafupi ndi pamene Gustavus Adolphus, mfumu ya Sweden, anagwera. Anali ndi zaka 37. Anasochera mu utsi ndi nkhungu akutsogolera asilikali apakavalo, ndipo adani anamuwombera. Mwalawo anaumangira denga lachitsulo mu 1837, ndipo pambali pake pali katchalitchi ka mu 1907. Pamalo n'posesedwa bwino. Tinajambulitsa, tinapitirira.

Amayi amene amatiperekeza anafotokoza za mapangano a Nkhondo ya Zaka 30, yomwe nkhondo ya ku Lützen inali mbali yake, ndipo apa m'pamene mkangano unabuka pakati pathu. Ambirife tinkadziwa kuti mfumuyi inafika ku Germany mu 1630 kudzatchinjiriza Apulotesitanti. Koma ndalama zodyetsera asilikali ake zinkachokera kuti? Ku France, dziko la Chikatolika, lomwe nduna yake yaikulu inali Kadinala Richelieu. Pa pangano la ku Bärwalde mu Januwale 1631, France inalonjeza ndalama zasiliva 400,000 chaka chilichonse kuti Sweden isunge asilikali 36,000 ku Germany. Richelieu ankafuna kufooketsa banja la Habsburg, zachipembedzo anaziika padera. Mnzathu wina, mkulu wa mpingo, zinamuwawa ndithu. Anaumirira kuti chikhulupiriro cha mfumuyo chinali chenicheni. Ine sindikutsutsa, koma ndinamuuza kuti Sweden inkafunanso madoko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic, ndipo pa pangano lamtendere la mu 1648 lothetsa nkhondoyo inawapezadi.

Ngakhale abwenzi a chipembedzo chimodzi sanali odalirika. Asilikali a ku Saxony, dera la Apulotesitanti ku Germany, anagwirizana ndi Sweden mu Seputembala 1631, koma patangopita masiku ochepa, pa nkhondo ya ku Breitenfeld, anathawa n'kuwasiya anzawo okha. Sweden inapambanabe.

Chimene sindidzaiwala chili m'nyumba yosungiramo zakale. Mu 2011 akatswiri ofukula pansi anapeza dzenje limodzi muli mafupa a anthu 47. Sanawatole limodzilimodzi ayi, anadula dothi lonselo ngati chibuma chachikulu n'kulinyamula momwemo. Lero aliimika ngati khoma, ndiye munthu umayang'anana nawo maso ndi maso. Owakwirira anawaponyamo mosanjikiza, mikono ndi miyendo ili balala, zovala ndi nsapato atawavula. Ambiri ali ndi mabowo a zipolopolo m'mutu. Wamng'ono kwambiri anali kamnyamata ka zaka ngati 15, ndipo mafupa a ena akuonetsa kuti anakula ndi njala. Atayeza mano awo anapeza kuti ochokera ku Sweden kwenikweni anali ochepa. Mfumuyo inkalemba ganyu asilikali a ku Germany ndi ku Scotland, anthu olowa usilikali chifukwa kwawo kunalibe chakudya.

Tonse tinangoti zii. Mtembo wa mfumu unanyamulidwa mpaka ku Stockholm, ngakhale kavalo wake, Streiff, chikopa chake chikusungidwa kumeneko mpaka lero. Awa 47 palibe ndi mmodzi yemwe amene dzina lake likudziwika. Kwathu maliro a munthu osauka amakhalabe ndi omulira ndi adzukulu omukumbira manda, n'chifukwa chake zinandilasa mtima kwambiri.

Mkulu wa mpingo uja anapempha kuti tiwapempherere, ndipo tinaima mozungulira n'kuweramitsa mitu. Sitinadziwe kuti ena mwa iwo ankapemphera kumpingo uti.

Basi yobwerera inanyamuka 4 koloko, kunja kutayamba kale kuda.