Nkhope ya mayi wa masitiroberi ku Chawe

Ndinanyamuka ku Limbe m'mamawa pa minibasi, kudutsa Namadzi ndi Thondwe, kukaona mwana wa achemwali anga amene akuphunzira zojambulajambula ku Chanco, yunivesite ya ku Zomba. Sanandilole n'kupuma komwe. "Azakhali, tiyeni kuphiri," ndipo tinakwera njinga zamoto mpaka ku Chawe, mphepo yozizira ikutibaya m'makutu.

Pafupi ndi hotela pali anyamata ogulitsa ziboliboli ndi nsalu zopenta. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana. Amayi onse pa nsalu zija anali amodzimodzi: chiuno ngati cha mavu, mbina yotukuka, mtsuko pamutu, dzuwa likulowa kumbuyo. Nkhope kunalibe, mutu unali kadontho kakuda basi. Nditafunsa, mnyamata wina anati, "Alendo amakonda zomwezi, mayi." Sindimuda, nayenso akusaka ya ndiwo. Koma mtima unandiwawa. Ine mtsuko ndinausenza ndili wamng'ono, ndipo chimene ndimakumbukira ndi khosi kuuma ndi nkhata yonyowa. Zimenezo wojambula sanazione, maso ake anathera m'chiuno.

Chapatali pang'ono panakhala mayi wogulitsa masitiroberi. Mtsikana wanga anagwada, nawapempha kuti awajambule. Iwo anaseka, nakonza duku, kenako anati, "Jambula mwanangu, koma makwinyawa usawachotse, ndinawavutikira." Mtsikanayo anayambira m'manja: zala zofiira ndi madzi a zipatso, chipsera cha moto pa dzanja lamanja, mfundo ya chitenje momwe amamangamo ndalama. Kenako maso, akuyang'ana kumsewu ngati kukubwera galimoto. Pa pepala paja panatuluka munthu woti ungamupatse moni.

Polipira ndinatulutsa K200, ndipo mtsikanayo anandiloza nkhope ya Rose Chibambo, imene ili pa ndalamayi kuyambira 2012. Mayi ameneyu analowa nyumba ya malamulo pomwe inali konkuno ku Zomba. Iye anajambulidwa ndi nkhope yake yonse.

Potsika mtsikanayo anandifotokozera za ku Chongoni ku Dedza, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika a chikhalidwe padziko lonse mu 2006, kuti zina mwa zojambula za m'mapanga amenewo n'zokhudza chinamwali cha atsikana, ntchito ya amayi. Ndinakumbukira agogo anga akuzira nyumba, n'kumalemba maluwa pakhoma ndi dothi lofiira ndi loyera, komanso miphika imene ankaumba n'kuicheka mizere pakhosi. Palibe anawatchulapo kuti ndi aluso. Tinkangoti agogo akuzira.

Chithunzi chija ndinachipempha, koma mtsikanayo anakana. Anachisiya m'manja mwa mwiniwake, amene anachipinda bwinobwino n'kuchiika pansi pa dengu kuti nkhungu ya kuphiri isachinyowetse.