Zikomo nonse amene munandikonzekeretsa mayeso ogwetsa mitengo

Ndakhoza mayeso ogwetsa mitengo ndi macheka a injini, ndipo mtima wanga sungakhale chete.

Choyamba ndithokoze inu bambo achikulire amene munandipeza ndikulimbana ndi tcheni yobuntha, osandidziwa n'komwe. Munakhala nane pansi mutagwira dzanja langa pa tupa, tikunola dzino ndi dzino, mpaka macheka anayamba kulavula tizipalapasa ta mtengo m'malo mwa utuchi wonga ufa. Munandichenjezanso kuti nsonga ya macheka, chakumwamba kwake, isakhudze kanthu, chifukwa mpamene amadumpha kubwerera kumaso. Mawu amenewa ankandilira m'khutu tsiku la mayeso.

Aphunzitsi athu, zikomo pondibweza katatu konse pamene ndinadula mopyola, osasiya kachigawo kogwira mtengo kuti ugwere kumene ndalinga. Ndinkanyinyirika mumtima, koma munkanena zoona. Munandizolowezanso kulambula njira yothawira ndisanalize injini, ndi kuonetsetsa kuti anthu atalikira kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo.

Nawe mnzanga amene unandibwereka chisoti ndi buluku lotchinjiriza miyendo, Mulungu akudalitse. Ndikubwezera Loweruka nditachapa bwinobwino.