Matope ofiirira a ku Komotini

Bambo anga anali mmisiri womanga nyumba, ndipo holide iliyonse ine ndimakhala dakaboyi wawo. Mpaka lero ndikafika pa chinyumba chakale, anzanga akamajambula zithunzi, ine maso amathamangira m'mipata ya njerwa.

Ndi mmene zinakhalira ku Komotini, kumpoto chakum'mawa kwa Greece, komwe tinafika pa basi kuchokera ku Thessaloniki. Pakati pa tauniyo pali nyumba ya miyala ndi njerwa yotchedwa Imaret, yomangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Ndinaika chala pa matope ake. Ndi ofiirira, okhakhala, ndipo ukayandikira umaona timaphale ta njerwa m'katimo, ngati nsinjiro zosasinjika bwino.

Mayi wina wotionetsa malowo ataona ndikusisita khoma anaseka. "Kourasani," anatero. Ndinawapempha kuti abwerezenso, kenaka ndinalemba pachikhatho. Ndilo dzina la matopewa: laimu wosakaniza ndi mchenga komanso njerwa kapena matailosi osinja, ndipo fumbi la njerwalo ndi limene limachititsa kuti matopewo asaope chinyezi. Aturuki amati horasan, dzina lofanana ndi la chigawo cha Khorasan, kumpoto chakum'mawa kwa Iran. Chodabwitsa n'chakuti Aroma ndi amisiri a ku Constantinople (Istanbul ya lero) ankakanda kale matope oterewa Aturuki asanafike. Luso n'lakalekale, dzina ndiye mlendo.

Mwini nyumbayo anali Gazi Evrenos Bey, mkulu wa asilikali apakavalo a kumalire a ufumu wa Aturuki wa Ottoman. Munthuyu sankakhazikika. Malire akasuntha, nayenso ankasamutsa likulu lake: Komotini, kenaka Serres yomwe Aturuki anailanda mu 1383, pomaliza Giannitsa. Anamenya nawo nkhondo ya ku Kosovo mu 1389 ndi ya ku Nicopolis mu 1396, ndipo anamwalira mu 1417. Manda ake ali ku Giannitsa komweko. Anthu amati anapyola zaka 100. Ine ndinangogwedeza mutu.

Imaret anali malo odyetserako osauka ndi apaulendo. Apa mpomwe mtima unandivuta, chifukwa asilikali ngati ake ankalemera ndi zofunkha ndi akapolo. Supu ya osaukayo inali ndi mtengo wake, ndipo ena ndiwo anaulipira.

Lero m'nyumbamo amasungiramo zinthu zakale za mpingo wa Orthodox. Ndisanatuluke ndinayesa kukanda matope aja ndi chikhadabo mayi aja atacheuka. Chinathyoka ndi chikhadabocho.