Lipoti la ulendo wathu wokaona kasankhidwe ka ma aptamer

Amene simunapite nawo, nazi zimene tinaona pa masiku atatu aja ku labotale ya anzathu. Tinapitira SELEX, njira yosankhira ma aptamer (timaulusi tatifupi ta DNA kapena RNA togwira chinthu chimodzi, monga puloteni) imene asayansi Tuerk ndi Gold anafalitsa mu 1990. Anzathuwo akusaka aptamer yogwira interferon-gamma, puloteni imene maselo a T (a chitetezo cha m'thupi) amatulutsa mwa munthu amene anakumanapo ndi TB.

Tsiku loyamba anationetsa chiyambi chake. DNA ya ulusi umodzi, yokhala ndi ma base (zilembo za DNA) 40 osanjika mwachisawawa pakati, amaitenthetsa pa 95°C kwa mphindi 5, n'kuiziziritsa pa ayezi mu buffer (madzi osungiramo DNA) ya magnesium kuti ipindike bwino. Kenako amaisakaniza ndi timikanda tonyamula puloteniyo, n'kutsuka. Yotsalirayo amaichulukitsa ndi PCR (njira yokopera DNA kambirimbiri), n'kubwereza zonsezi; ulendo uliwonse ndi ndime imodzi.

Tsiku lachiwiri ndiye kunali nkhani. DNA ya ndime yachisanu ndi chitatu inagwira mwamphamvu, tonse n'kuwomba m'manja. Koma itayesedwa pa timikanda topanda puloteni, inagwiranso chimodzimodzi! Apampando anati magnesium wachuluka. Mayi mlembi anakanitsitsa, napempha buku la labotale, n'kutsegula tsamba ndi tsamba mpaka anapeza kuti kuyambira ndime yachitatu DNA sinadutsitsidwe kaye pa timikanda topanda kanthu. Puloteniyo inamangiriridwa pa nickel wa pa timikanda ndi His-tag (kamchira komata ku nickel), ndiye zimene zinachulukana ndi zokonda nickel ndi mikandayo. Apampando anavomera, ndipo anzathuwo abwerera ku DNA ya ndime yachiwiri imene anasunga mufiriji. Mayi mlembi anaonanso chimzere chosaoneka bwino pa gel (poonera DNA monga mizere), chizindikiro chakuti PCR yapitirira muyeso. Njira yothetsera izi n'kuyamba ndi PCR yaing'ono, kutapako pa cycle (kuzungulira kwa PCR) 8, 10, 12 ndi 14, n'kusankha pamene mzere uli umodzi.

Phunziro la zochizira linali lalifupi. Pegaptanib, aptamer ya RNA yochizira maso, inavomerezedwa ku America mu 2004, ndipo inzake, avacincaptad pegol, yotseka complement C5 (puloteni ya chitetezo cha m'thupi) m'diso, mu 2023. RNA yosatetezedwa imadyedwa ndi ma nuclease (mapuloteni odula RNA ndi DNA) m'magazi, n'chifukwa chake amaikapo zotetezera za 2'-fluoro ndi 2'-O-methyl, ndiponso PEG (mchira wautali woikulitsa) kuti impso zisaitaye msanga. PEG nayo ili ndi vuto: kafukufuku wa pegnivacogin, aptamer yokhala ndi PEG, anaimitsidwa mu 2014 matupi a odwala ena atadana nayo koopsa.

Zikomo kwa otilandira potisonyeza ngakhale zimene zinalephereka, kwa asungichuma, ndi kwa achimwene athu a ma pipette amene sanagwetse chubu ngakhale chimodzi. Mayi mlembi, dzina lija la "Tsegulani Buku" lakhazikika basi.