Zikomo achimwene a ku Limbe

Ndikuthokoza achimwene amene ndinakumana nanu pamalo okonzera mafoni ku Limbe. Laputopu yanga yakale inkachedwa kwambiri, ndipo Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 mu Okotobala 2025, ndinasowa mtengo wogwira. Inu munandiikira Linux Mint, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, pa fulashi osandilipiritsa ngakhale tambala.

Wi-Fi itakana kugwira, munakhala nane mpaka dzuwa kulowa, n'kulumikiza intaneti ya pafoni yanu kuti Driver Manager, yomwe imafufuza mapulogalamu oyendetsa zipangizo ngati Wi-Fi, ipeze zofunika. Chimene sindidzaiwala n'chakuti simunandilande kiyibodi. Munati ndilembe ndekha sudo apt update, mawu ouza kompyuta kuti ione ngati pali mapulogalamu atsopano, zala zanga zikunjenjemera, inu muli phee kudikira.

Lero mwana wanga akulembera ntchito za kusukulu pa pulogalamu yolembera ya LibreOffice. Dzina lanu sindinafunse, achimwene. Ambuye akudalitseni.