Bondo lagwira, zikomo nonse

Dzulo ndayenda wapansi kuchokera kunyumba mpaka pamsika wa Nchalo popanda ndodo, koyamba pa miyezi 11. Anzanga apasiteji ya njinga zamoto anandiimbira mahutala ngati kukudutsa ukwati. Ndiye lero ndati ndithokoze pagulu, poti ambiri munandithandiza ndili chigonere, ena sindinakuoneni ndi nkhope yomwe.

Kwa amene simunamve, ndinagunda ng'ombe pamsewu wa M1 ndikuchokera ku Ngabu, kachisisira. Ng'ombeyo inadzuka n'kumapita. Ine ndinamenyetsa msongolo pansi bondo lili chopinda. X-ray itaonetsa kuti palibe fupa lothyoka ndinati ndapulumuka, osadziwa kuti makina amenewo saona mitsempha. Kutupa kutaphwa, mwendo unkangogwedera. Ndikaponda pamchenga kapena potsetsereka, ndinkangozindikira ndili pansi.

Ku Blantyre adokotala a mafupa anagwira msongolo wanga, kuukokera kutsogolo, kuukankhira kumbuyo, uwo ukungoyenda. MRI, makina ojambula m'thupi amene amaona ndi mitsempha yomwe, inatsimikiza kuti mitsempha iwiri yopingasana m'kati mwa bondo, wakutsogolo (ACL) ndi wakumbuyo (PCL), yonse inaduka. Anandiuza kuti yanga sikanatheka kusoka, pankafunika kuikapo ina. Wakutsogolo anautenga m'thupi mwanga momwe, kuseri kwa ntchafu. Wakumbuyo anaika chingwe chochita kupanga, cholukidwa ndi ulusi wa polyester, chimene anachita kuitanitsa kunja. Anandibaya jakisoni wapamsana, analowetsa kakamera pakabowo kakang'ono, anaboola njira m'mafupa, n'kumangirira ndi timabawuti. Amayi anga atamva anafunsa kuti, "Ndiye mwana wanga aziyendera chingwe ngati mbuzi?" Adokotala, zikomo, ndipo zikomo kwambiri posatopa ndi mafunso anga. Munachita kundijambulira bondo papepala kuti ndimvetse.

Alamu anga a ku Ngabu, ine mawu andithera. Namondwe Freddy wa mu 2023 anakusiyirani ng'ombe zowerengeka, koma munatulutsa ziwiri m'khola osadikira kuti ndipemphe. Munangoti ng'ombe ndiyo yalakwa, ng'ombe ilipire. Takhuta. Amayi a banki m'khonde, munabwereketsa ndalama kunyumba yoti mwamuna wake sakudziwika ngati adzagwiranso ntchito. Anzanga apasiteji, munkasonkha Loweruka lililonse ngakhale masiku amene mafuta ankasowa, ndipo ufa sunathe m'nyumba mwanga.

Mayi akunyumba, inu ndiye munaona zonse. Chitsulo chomangira bondo chija ndinachivala mu October, kutentha kwa kuno ku Chigwa mukukudziwa. Thukuta linkandidya khungu mpaka zilonda, inu usiku kumasula malamba mmodzimmodzi, kupukuta ndi kansalu konyowa, kumanganso, ine ndikukalipa ngati mwandigunda ndinu. Pepani. Mphasa munagona inu ndi ana kuti bedi likhale langa ndekha.

Pali china chimene anthu sachitchula. Bondo losapinda silinjuta, ndipo zimbudzi zathu n'zokumba. Akalipentala oyandikana nafe anaona okha vutolo, anakhoma mpando woboola pakati n'kudzauika m'mawa ndisanadzuke. Ndalama anakana. Achimwene, ulemu wanga munausunga ndinu.

Asisi a fiziyo, ndinkakuonani ngati ankhanza. Kundigoneka chafufumimba, kupinda mwendo pang'onopang'ono ine misozi ili mbwembwembwe, kenako kundiuza kuti ndikalimbitse ntchafu tsiku ndi tsiku chifukwa inali itafota ngati dzanja. Munkati chingwe chokha sichinyamula munthu popanda mnofu. Masabata awiri amene ndinachita ulesi munazindikira ndisanakhale n'komwe pabedi lanu. Adalaivala a minibasi amene munkandisungira mpando wakutsogolo pokwera mapiri a Chikwawa kuti mwendo uwongoke, inunso zikomo.

Panjinga sindinabwerere. Adokotala akuti ndidikire kaye mpaka ntchafu yakumanzere ifanane ndi inzake, ndiye makasitomala anga pitirizani kukwera kwa mng'ono wanga, amayendetsa bwino kuposa ine. Alamu, nkhani ya ng'ombe ija musaithawe. Bwerani Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, mlongo wanu wagula kale mlamba wowamba.