Masiku asanu ndi limodzi ndikulimbana ndi sipika yapakati

Usiku wathawu ndinaonera filimu ya maola awiri mpaka kumapeto osagwira rimoti ngakhale kamodzi, kaya kuti ndikweze voliyumu pamene anthu akulankhula kapena kuti ndiitsitse pamene zinthu zikuphulika. Amenewo ndiwo mathero a masiku asanu ndi limodzi amene ndakhala ndikulimbana ndi sipika yapakati ya seti yanga yoonera mafilimu kunyumba, imene imatulutsa mawu a anthu olankhula, ndipo andithandizanso kuyankha funso limene lakhala likundisowetsa mtendere chisamukireni m'fulati muno, lakuti kodi masipika anga akalewa ndiwapumitse n'kugula atsopano, kapena ndipitirize nawo.

Kwa amene simunawerenge zimene ndinalemba m'mbuyomu, seti yanga ndi ya 5.1, kutanthauza masipika asanu ndi sabuwufa imodzi ya mawu apansi kwambiri (besi), ndipo yatha zaka pafupifupi 17. Masipika awiri akutsogolo ndi ang'onoang'ono oika pa masitandi, a wufa (chotulutsa mawu apansi) ya mainchi 6.5, ndipo amatulutsa 88 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) pa wati imodzi munthu akaima pa mita imodzi. Yapakati ndi yogona chopingasa, ili ndi mawufa awiri ndi tweeter (chotulutsa mawu apamwamba) pakati pawo, pamene sabuwufa ndi ya mainchi 10. M'nyumba imene ndinkakhala kale sindinkadandaula nawo, koma chipinda chochezera cha muno ndi cha mamita 4.2 m'litali, 3.4 m'lifupi ndi 2.5 kuchokera pansi kufika kudenga, pansi pake ndi pa matailosi, ndipo kuseri kwa khoma limodzi komanso m'munsi mwanga mumakhala mabanja ena. Kuyambira sabata yoyamba mawu a anthu olankhula ankamveka ngati akuchokera m'bulangeti, besi inkangodidima, ndipo ndinafulumira kugamula kuti masipikawa akalamba.

Ndisanataye ndalama ndinachotsa kansalu kakutsogolo kwa sipika yapakati kuti ndione mkati. Mphete ya siponji yozungulira wufa yakumanzere inali itang'ambika cham'munsi, ndipo nditaikhudza ndi chala inanyenyeka, n'kusiya zakuda zomata pachalapo. Yakumanja inali yathunthu koma itauma, moti nayonso inali pafupi kutha. Siponji yamtunduwu imatero ndithu ikatha zaka zoposa khumi, makamaka pamalo a chinyontho, ndipo ikang'ambika mpweya umathawira pamenepo, komanso koyilo, kawaya kokulunga kamene kamasuntha wufa, imasiya kuyenda mowongoka m'kampata ka maginito. Ndinasangalala poganiza kuti ndapeza gwero la vuto lonse.

Mphete zatsopano ndinaitanitsa kwa wogulitsa wina wa pa intaneti amene ndimamudalira kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chakuti salola kutumiza katundu munthu asanamuuze miyeso yonse: kukula kwa mphete kunja, kukula kwake mkati, kutambalala kwa khwinya lake, ndiponso ngati m'mphepete mwa pepala la wufa muli mosalala kapena mopendekeka. Zaka zitatu zapitazo, pamene ndinkakonza sabuwufa yomweyi, ndinagula kwa wina amene anangondifunsa mainchi basi, ndipo mphete yake inaperewera ndi mamilimita awiri, koyilo n'kumakhula, ntchito yonse n'kuibwereza. Ulendo uno ndinapala guluu wakale pang'onopang'ono ndi sipiriti, ndinamata kaye mbali yamkati n'kudikira kuti igwire, kenako ndinatsegula kamawu kapansi ka 50 Hz (nambala ya Hz ikachepa, mawu amakhala apansi) motsitsa kwambiri kuti koyilo idzipezere yokha malo apakati pamene ndinkamata mbali yakunja. Mawufa onse awiri anagona tsiku lathunthu, ndipo nditawakankha ndi zala panalibe kukhula kulikonse.

Nditawabwezeretsa m'bokosi n'kuyatsa, mawu anamveka oipa kuposa poyamba. Kale anali obisika chabe, koma tsopano anali opyapyala, opanda thupi, ngati munthu akulankhulira m'chitini. Mawu a amuna ndiwo anavutika kwambiri, popeza maziko a mawu a munthu amakhala chapakati pa 100 Hz ndi 250 Hz, ndipo dera limenelo linali ngati lafufutidwa.

Apa m'pamene masiku anathera. Poyamba ndinaganiza kuti siponji yatsopano ndi yolimba ndipo ikufunika kufewa, choncho ndinaisiya ikuimba pink noise (phokoso losalekeza loyesera masipika) masana onse awiri, koma sipanasinthe kanthu. Kenako ndinakayikira ma capacitor a mu crossover, kachipangizo ka m'bokosi kamene kamagawira mawufa ndi tweeter mawu, poti nawonso amafooka akakalamba. Ndinawachotsa, ndinawotcherera atsopano a muyeso womwewo, koma mawu anali omwe aja. Ndinakayikira risiva, makina amene amalandira mawu n'kupatsa masipika mphamvu, ndipo ndinalumikiza sipikayo ku tchanelo chakumanzere, koma vuto linasamuka nayo limodzi. Tsiku lachinayi ndinayendetsanso pulogalamu ya mu risiva imene imayeza chipinda yokha ndi maikolofoni yake, ndipo inaika crossover ya sipika yapakati, malire amene mawu a pansi pake amapita ku sabuwufa, pa 200 Hz, chikhalirecho kale inkaika pa 80 Hz. Nambala imeneyo inkandiuza zoona zonse, kuti sipikayo sikutulutsa mawu apansi ngakhale pang'ono, koma ine ndinaitenga ngati kulakwitsa kwa makina, n'kuibweza ndi dzanja pa 80 Hz.

Chimene chinanditsegula m'maso ndi pulogalamu ya pa laputopu yoyezera mawu yotchedwa REW, pamodzi ndi maikolofoni yoyezera ya UMIK-1, zipangizo zimene ndikadayamba nazo tsiku loyamba lomwe. Maikolofoni itayang'anizana ndi sipika, mzere wa pa laputopu unagwa ndi 15 dB kapena kuposa kuchokera m'munsi mpaka kufupi ndi pamene tweeter imayambira. Koma nditaisunthira kumbali, mbali ina ya mawu otayika aja inabwerera. Wufa yakufa singachite zimenezo. Zimenezo zimachitika pamene ziwiri zamoyo zikulimbana. Ndinachotsa waya wa ku risiva, ndinatenga batire ya AA ya 1.5 V, n'kuigunditsa kamphindi kochepa ku mateminolo a kumbuyo kwa bokosi ndikuyang'ana kutsogolo. Wufa yakumanja inatulukira kunja, yakumanzere inalowa mkati. Ina ikamakankha mpweya inzake inkaukoka, ndipo kwa munthu wokhala pakati penipeni ziwirizo zinkathetsana.

Nditamasula ndinaona mmene zinachitikira. Timapini tiwiri ta pa wufa imeneyi n'tofanana kukula, ndipo chizindikiro chokha cha mbali ya positive chinali kadontho kofiira ka utoto, kamene kanachoka ndi sipiriti pamene ndinkapala guluu. Pobwezeretsa ndinalumikiza mongokumbukira, ndipo ndinasemphanitsa. Kukonza kunatenga mphindi zosakwana zisanu. Kuyambira lero sindidzamasulanso wufa iliyonse ndisanaijambule chithunzi, ndipo sindidzatseka bokosi ndisanaliyese ndi batire.

Sipika yapakati itachira, kunatsala besi yodidima ija, ndipo pamenepa m'pamene funso logula zatsopano linayankhidwa. REW inaonetsa pa mzere wake phiri lalitali la 12 dB pa 41 Hz, ndi lina locheperapo pa 50 Hz. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi imodzi, ndipo mukagawa nambala imeneyi ndi kutalika kwa chipinda kowirikiza kawiri, 343 ndi 8.4, mupeza 41; mukagawa ndi 6.8, kumene kuli kuwirikiza m'lifupi, mupeza 50. Mapiri amenewa ndi a makoma anga, ndipo sipika iliyonse imene ndingalowetse muno, ngakhale itakhala yodula chotani, idzawapeza akudikira. Sofa inali itatsamira khoma lakumbuyo, malo amene mafunde otere amaunjikana kwambiri. Ndinaikokera kutsogolo masentimita 40, kenako ndinaika sabuwufa pasofapo n'kumakwawa m'mphepete mwa makoma kumvetsera pamene besi ikumveka mosalala, ndipo ndinapeza malo abwino pambali pa kabati ya TV, kutali ndi kona imene inkakhala. Phiri la 41 Hz linatsika kufika 5 dB ndisanagwiritse ntchito EQ iliyonse yokweza kapena kutsitsa mbali zina za mawu. Ndinatsekanso ndi siponji mabowo otulutsira mpweya a kumbuyo kwa masipika akutsogolo, chifukwa ali pafupi kwambiri ndi khoma, ndipo zonse za pansi pa 80 Hz ndinazisiyira sabuwufa.

Nkhani ya mphamvu nayonso ndinaiwerengera. Ndimakhala pa mtunda wa mamita 2.5, umene umadya pafupifupi 8 dB, kotero wati imodzi imandipatsa 80 dB pamene ndakhala. Kuti ndifike 90 dB pa mphindi zaphokoso kwambiri za filimu ndikufunika mawati 10 okha. Muyeso wa m'nyumba zoonetsera mafilimu umalola tchanelo chilichonse chachikulu kufika 105 dB, koma m'fulati mwa makoma ogawana palibe amene angafike kumeneko n'kukhalabe pa ubale wabwino ndi anansi ake, makamaka poti besi ndiyo imadutsa khoma ndi simenti mosavuta kuposa mawu ena onse. Masipika aatali oima pansi amene ndinkawasirira akanandipatsa mphamvu zimene sindingazigwiritse ntchito, n'kundilanda malo amene ndilibe.

Sindikunena kuti aliyense asunge zakale. Tweeter ikapsa ndipo yolowa m'malo mwake siipezekanso, kapena bokosi likafufuma ndi chinyontho n'kuyamba kutsekuka m'makona, kapena masipika akakhala aakulu moti sangatalikirane ndi khoma, kugula ena n'kwanzeru. Koma maganizo anga ndi akuti ambiri a ife timaimba mlandu masipika pa zolakwa za chipinda ndi kaikidwe, popeza sipika ndiyo imaoneka ndi maso pamene mafunde a m'chipinda saoneka. Sipika yopanda ampu mkati sidziwa ngati mawu akuchokera ku DVD kapena ku intaneti. Imangolandira magetsi n'kusuntha mpweya monga inkachitira tsiku loyamba.

Chimene chakalambadi m'seti yanga ndi risiva. Siitha kudutsitsa zithunzi za 4K, ilibe eARC (njira yobweretsera mawu kuchokera ku TV kudzera pa waya wa HDMI), ndipo Dolby Atmos, luso la mawu ochokeranso kudenga, imene inafika m'nyumba za anthu mu 2014, siidziwa n'komwe. Panopa zipangizo zonse zikulowa ku TV, ndipo mawu akubwerera ku risiva kudzera pa waya wa optical, amene amanyamula Dolby Digital wamba koma sanganyamule mtundu wapamwamba wa TrueHD. Ndalama zimene ndinasungira masipika zipita kumeneko, ndipo ndikufuna risiva ya matchanelo asanu ndi awiri imene pulogalamu yake yoyezera chipinda imalola munthu kusankha yekha malire a pamene iyenera kukonza, chifukwa ndikufuna igwire besi yokha, zakumwamba izisiye mmene zilili.

Muyeso womaliza unaonetsanso kuti tweeter ya sipika yakutsogolo yakumanzere ikutsalira ndi 2 dB pamwamba pa 10 kHz poyerekeza ndi inzake, ndipo ndikukayikira kuti ferrofluid ya mkati mwake, madzi oziziritsa koyilo, yayamba kuuma. Ndidzaitsegula tsiku lina mtima ukadzakhala m'malo. Pambuyo pake ndikulingalira zokhoma ndekha masabuwufa awiri ang'onoang'ono a bokosi lotseka a mainchi 8, imodzi kutsogolo ina kumbuyo, kuti zithandizane kuphwanya phiri la 41 Hz lija, kupanga zomwera besi zinayi za m'makona zofika kudenga, ndiponso kupeza njira yopachikira masipika awiri a Atmos popanda kuboola denga, popeza mwini nyumba salola. Ngati alipo pakati panu amene anayesapo kuwapachika pa mitengo yoimika yopanikiza pakati pa pansi ndi denga, ndikufuna kumva ngati mitengoyo siinjenjemera besi ikagunda.